Galu wakuda akukana kutuluka pachinsalu, ndithandizeni

Nachisale: Anzanga, ndabwera ndi vuto. Galu wa mkulu wanga anafa mwezi watha atakhala naye zaka 13, ndipo ndinamulonjeza kuti ndimujambulira chithunzi choti apachike m'nyumba. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikujambula maluwa, mabotolo ndi mapiri, koma chiweto sindinayesepo. Galuyo anali wakuda bii, kupatula kamzere koyera pachifuwa. Ndayesa kawiri ndi acrylic, utoto wosungunula ndi madzi, pa chinsalu cha masentimita 30 kwa 40, ndipo kawiri konseko changotuluka chinthu chakuda chokhala ndi makutu, maso ali ngati mabatani. Sindikufuna kuti mkulu wanga achione chili chonchi chifukwa galuyu ankamukonda ngati mwana. Chithunzi chomwe ndikuonera ndi cha pafoni, anamujambula masana ali chigonere panja. Zojambula zanga ziwirizo ndaziika apa. Ndikulakwitsa pati?

Mphatso: Pepani asisi. Ndifunse kaye: utoto wakudawo mukufinya m'chubu kapena mukusakaniza nokha?

Nachisale: Wa m'chubu, Mars black. Pomwe ndikufuna pawale ndikumathirako woyera.

Mphatso: Ndi pamenepotu. Mars black ndi wamphamvu kwambiri ndipo amaphimba chilichonse. Mukamuthira woyera amasanduka mtundu wa phulusa, wopanda moyo. Yesani kusakaniza ultramarine (wabuluu) ndi burnt umber (wabulauni woderako). Muona kuti zikupatsani wakuda, koma wakuda woti mutha kumukhotetsa. Mukachulutsa ultramarine akhala wozizira, mukachulutsa burnt umber akhala wofunda. Ine chiyambireni kuchita zimenezi, wa m'chubu sindinamukhudzenso.

Bambo a Tadala: A Mphatso, zomwe mwanenazo n'zothandiza, koma tisamunamizire utoto wa m'chubu. Anders Zorn, wojambula wa ku Sweden, amadziwika ndi mitundu inayi yokha: woyera, yellow ochre (wachikasu), vermilion (wofiira) ndi ivory black (wakuda). Wakuda wakeyo anali wogula, koma anthu omwe ankawajambula amaoneka ngati akupuma. Vuto la mayi Nachisale ndaliona pa chithunzi chomwe aika. Iwo akudziwa mumtima kuti galuyo ndi wakuda, ndiye dzanja likupaka zomwe mutu ukudziwa, maso sakufunsidwa n'komwe.

Mayi, chitani izi musanagwire burashi. Chithunzi cha pafonicho chichotseni mitundu, chikhale chakuda ndi choyera basi. Kenako tsinzinani pang'ono mpaka ubweya usamaonekenso, zitsale zigamba. Muziwerenge. Mupeza zitatu kapena zinayi: chakuda kwenikweni, chakuda pang'ono, chotuwa, ndi timalo tochepa towala. Chakuda kwenikwenicho mudabwa kuti n'chaching'ono: kunsi kwa chibwano, m'kati mwa khutu, m'mphuno, pakati pa miyendo. Kwina konseko si kwakuda monga mukuganizira.

Nachisale: Ndachita pompano. Abambo, pamutu ndi pamsana pakuoneka potuwa ndithu! Ine ndinapaka pakuda ponse.

Gogo Nangozo: Mwana wanga, bwerera ku chithunzi cha mitundu uyang'anenso pamutu pomwepo. Ndikukhulupirira kuti upeza buluu. Ubweya wakuda umanyezimira, ndipo chonyezimira chilichonse chimatenga mtundu wa zomwe zachizungulira. Galu akakhala panja, msana wake umayang'ana kumwamba, choncho umatenga mtundu wa thambo. Kumimba ndi kunsi kwa khosi kumalandira kuwala kobwerera kuchokera pansi, ndiye kumakhala kofundirako, ngati bulauni. Iwe umajambula kale mapiri ndi madzi. Dziwe sumalipaka mtundu umodzi, umayang'ana chomwe chikuonekeramo. Galuyu umuone chimodzimodzi.

Mphatso: Agogo anena zoona. Apa ndiye pomwe ultramarine ndi burnt umber zikugwirira ntchito, pamwamba wozizira, pansi wofunda.

Bambo a Tadala: Apo sindikutsutsa.

Chikondi: Ine ndikufuna ndinene za chithunzi chenichenicho. Foni ikajambula chinthu chakuda padzuwa lamasana, imayesetsa kuti malo owala asapserere, ndiye malo akuda imangowaphatikiza onse kukhala mdima umodzi. Zomwe mukusowa pachinsalu mwina pachithunzipo mulibenso. Lowani pomwe mumakonzera zithunzi mufoni, mukweze kuwala kwa mithunzi mpaka chithunzicho chioneke chosasangalatsa. Cholinga si kukongola ayi, koma kuti muone pomwe tsaya likuthera ndi pomwe khosi likuyambira. Musunge zithunzi ziwiri: chokwezedwacho chikuuzeni maonekedwe a thupi, choyambacho chikuuzeni kuda kwake.

Komanso pemphani akulu anuwo akutumizireni zithunzi zonse zomwe ali nazo, ngakhale zosaoneka bwino. Zomwe zinajambulidwa kuli mitambo kapena pamthunzi ndiye zabwino kwa galu wakuda. Zojambulidwa usiku ndi flash musatengereko maso. Kumbuyo kwa diso la galu ndi mphaka kuli kachikopa kobweza kuwala kotchedwa tapetum lucidum, n'chifukwa chake maso amatuluka obiriwira ngati tochi.

Nachisale: Ndimafuna chikhale chomudzidzimutsa, koma ndaona kuti ndi bwino ndimupemphe basi. Nanga za maso? Apa ndiye pandivuta koposa.

Bambo a Tadala: Maso anu akuoneka ngati mabatani chifukwa mwajambula bwalo, mwalidzaza bulauni, n'kudontheza kadontho koyera pakati. Diso ndi mpira wonyowa womwe wakhala m'dzenje. Chikope chapamwamba chimaphimba mbali ina ya mpirawo ndipo chimaponya mthunzi, motero kumtunda kwa diso kumakhala kwakuda kuposa kumunsi. Kadontho kowalako kamakhala mbali yomwe kuwala kukuchokera. Ndiye pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa: mbali yabulauni imawala kwambiri kutsidya lina, moyang'anana ndi kadonthoko, chifukwa kuwala kumalowa m'diso n'kukagunda mbali inayo. Kadontho kakakhala kumtunda chakumanzere, bulauni wowala muike kumunsi chakumanja. Mukatero diso lizama lokha.

Kadonthonso sikayenera kukhala koyera mbee nthawi zonse, kapena kozungulira. Kamatengera chomwe chikuwala. Albrecht Dürer anajambula kalulu mu 1502, chithunzi chomwe chimasungidwa ku Albertina, nyumba yosungira zithunzi mumzinda wa Vienna ku Austria, ndipo m'diso mwa kaluluyo mumaoneka zenera. Galu wanu anali panja, ndiye kadontho kake kakhale ndi kabuluu pang'ono ka thambo. M'maso onse awiri kakhale mbali imodzimodzi, apo ayi galu aoneka ngati akuyang'ana mbali ziwiri.

Gogo Nangozo: Ndiwonjezere kamodzi. Pa nkhope yakuda, diso limaonekera chifukwa cha kamzere kopyapyala konyowa ka m'mphepete mwa chikope chapansi. Kamzere kotuwa, kodukaduka, osati kozungulira diso lonse. Choyera cha m'diso pa galu chimaoneka pang'ono chabe pakona, ndipo usachipake choyera, chili pamthunzi.

Yamikani: Ine ndaona kanthu kena. Pa chithunzi chachiwiri chomwe munajambulacho mphuno yapita kumanja kwambiri poyerekeza ndi maso, ndipo mutu watalika. Ngakhale mitundu mutaikonza, akulu anu aona kuti si galu wawo. Munajambula bwanji mizere yoyamba?

Nachisale: Ndi pensulo, pongoyang'ana.

Chikondi: Gwiritsani ntchito timabokosi. Lembani mizere yopingasana pa chithunzi, mulembenso timabokosi tofanana chiwerengero pachinsalu, kenako muzisamutsa bokosi limodzilimodzi.

Yamikani: Apo ine ndimakana. Ukazolowera timabokosi diso silikula. Udzakhala zaka khumi ukukopera, tsiku lomwe udzakhale pamaso pa phiri kapena mphaka wamoyo udzasowa poyambira. Kuli bwino ayeze ndi pensulo atatambasula dzanja, aone kuti mtunda wa pakati pa maso ukulowa kangati m'litali mwa mutu.

Bambo a Tadala: A Yamikani, timabokosi si zachilendo. Dürer yemwe ndamutchula uja anasindikiza chithunzi cha munthu akujambula poyang'anira pa felemu ya ulusi wopingasana, m'zaka za m'ma 1500. Ojambula pamakoma ankakuza zojambula zawo zazing'ono mwa njira yomweyi. Sindikukana kuti diso liyenera kuphunzira, koma pano mayiwa ali ndi lonjezo, ndipo galu woti amuyang'ane kulibenso.

Yamikani: Dürer ankatha kujambula popanda felemuyo. Ndi pomwe pali kusiyana.

Gogo Nangozo: Nonse mukunena zoona, ndiye tisatalikitse. Nachisale, pa chithunzi ichi gwiritsa ntchito timabokosi, koma tikuluikulu, tinayi m'mimba ndi tisanu m'litali, kuti tingokuuza pomwe diso, mphuno ndi nsonga za makutu zikhale. Zotsalazo ujambule ndi diso lako. Masiku ena uziyeza ndi pensulo monga akunenera a Yamikani. Ukamaliza mizere, chiyang'ane pagalasi. Chokhota chimabisala ukachizolowera, koma pagalasi chimaonekera nthawi yomweyo.

Mphatso: Chinanso asisi, mukuyamba pa chinsalu choyera?

Nachisale: Eya.

Mphatso: Pachoyera chilichonse chimaoneka chakuda kuposa mmene chilili, ndiye simungaweruze bwino. Pakani kaye chinsalu chonse ndi burnt umber wosungunula ndi madzi, chikhale chapakatikati, chiume. Mukumbukirenso kuti acrylic akauma amada pang'ono kuposa mmene amaonekera ali wonyowa. Pa galu wakuda zimenezi zimapweteka, chifukwa zigamba zotuwa zomwe munazisiyanitsa bwino zimakamira mumdima zikauma. Muzisakaniza zowalirako pang'ono, muyese pakapepala, mudikire mphindi zochepa muone.

Kuti utoto usakuumireni pa mbale, tengani kabokosi kosaya kokhala ndi chivindikiro, muyalemo kansalu konyowa, pamwamba pake pepala lophikira makeke lija, utoto muziika papepalapo. Ukhala wonyowa mpaka mawa lake.

Bambo a Tadala: N'chifukwa chake ine ndinasamukira ku penti wa mafuta. Kuuma kwake si kwakuti madzi auluka, amalimba pang'onopang'ono mafuta akamakumana ndi mpweya, ndiye uli ndi masiku oti usalaze m'mphepete mwa zigamba. Ubweya umafuna m'mphepete mofewa. Koma mayi musasinthe pano, malizani ndi chomwe dzanja lanu lazolowera. Mukadzafuna kuyesa, dziwani kuti wa mafuta amakhala bwino pamwamba pa acrylic, koma acrylic pamwamba pa wa mafuta amasupuka. Ndipo kwa onse omwe mumagwiritsa ntchito mafuta a linseed, osakanizira penti: nsanza zonyowa ndi mafutawa musaziunjike pamodzi, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni chotambasula kapena muzimize m'madzi m'chitini chotseka. Turpentine, wosungunulira pentiyu, naye asakhale pomwe pamafika ana ndi ziweto, ndipo mazenera azikhala otsegula.

Thoko: Ine ndimangowerenga, koma ndifunseko za ubweya. Ndimakhala maola ndi kaburashi kakang'ono kujambula tsitsi limodzilimodzi, mapeto ake chiweto chimaoneka ngati chavala udzu.

Gogo Nangozo: Ukajambula mtengo uli patali sumawerenga masamba, umaona magulu a masamba, mbali yowala ndi mbali yamthunzi. Ubweya ulinso ndi magulu ake. Yamba ndi burashi yaikulu yomwe ukuiona ngati yakulitsa, upake zigamba zija anena a bambo a Tadala, dzanja likutsata komwe ubweya ukulowera. Pamphuno ndi waufupi ndipo umalowera kumphumi, pamasaya umatsikira kumbuyo, pachifuwa umakumana pakati. Kaburashi kakang'ono kabwere pomaliza penipeni, ndipo m'malo owerengeka: pomwe kuwala kukukumana ndi mthunzi, m'mphepete mwa khutu, pamwamba pa diso. Tsitsi makumi awiri loikidwa pamalo pake limauza woonayo kuti thupi lonse ndi laubweya. Burashi yakale yomwe inanyankhalala usataye, imakoka timizere tingapo nthawi imodzi.

Bambo a Tadala: Mayi Nachisale, musanayambe kachitatu, ndikupatseni ntchito ya madzulo amodzi. Inu mumajambula kale zinthu zoika patebulo. Tengani nsapato yakuda yopolishidwa kapena kapu yakuda, muiike pafupi ndi zenera, nyale zonse zozimitsa kuti kuwala kuchokere mbali imodzi. Jambulani pakapepala kolimba ndi mitundu itatu yokha: ultramarine, burnt umber ndi woyera. Nsapato siyenda, ndipo mtima sugunda poijambula monga ukugundira pa galuyu. Giorgio Morandi wa ku Bologna ku Italy, yemwe anamwalira mu 1964, anatha moyo wake akujambula mabotolo ndi mitsuko yomweyomweyo, akungoisuntha pang'ono. Patebulo ndi pomwe munthu amaphunzira kuona kusiyana kwa mithunzi iwiri yoyandikana.

Nachisale: Ndichita usiku uno, kapena mawa m'mawa kuti ndipeze kuwala kwa pazenera. Zikomo nonse.

Nachisale: Ndabweranso patatha masiku anayi. Nsapato ndinajambula katatu. Kachitatuko ndinawerenga mitundu isanu ndi umodzi pa nsapato yomwe ndinkaitcha yakuda, ndipo kunsonga kunali buluu weniweni wochokera pazenera. Mkulu wanga wanditumizira zithunzi 22. Koma tsopano pabuka nkhani ina. Pa zithunzi za zaka zomaliza, galuyu ali ndi imvi kukamwa konse ndi pamwamba pa maso, diso limodzi lachita ngati nkhungu. Pa zakale ndi wakuda bii, wonyezimira. Ndijambule uti?

Chikondi: Wachinyamata. Munthu akufuna kukumbukira galu wake ali ndi mphamvu, osati akudwala.

Yamikani: Ine ndikuti wokalamba. Ndi yemwe anatsanzikana naye. Komanso imvizo zikuthandizani, zikupatsani powala pa nkhope yakuda, kamwa lionekera bwino.

Thoko: Mphaka wanga atafa ndinasunga chithunzi cha chaka chake chomaliza, ndipo kwa miyezi sindinkatha kuchiyang'ana. Pano ndi chomwe ndimachikonda kuposa zonse. Sindikudziwa kuti ndikuuzeni chiti, ndangoti munve mbali imeneyo.

Gogo Nangozo: Funso ili si lathu, ndi la mkulu wako. Koma usamufunse kuti "wamng'ono kapena wokalamba". Mufunse kuti akatseka maso n'kumuganizira, amamuona akutani. Yankho lake likupatsa zaka, kakhalidwe ka mutu, ngakhale kuwala. Ine ndajambulapo ziweto za anthu zingapo, ndipo zomwe eni ake amayang'ana poyamba si ubweya. Wina amafuna khutu lomwe linkagwa, wina kapendekedwe ka mutu pomva dzina lake. Ukaphonya chimenecho, ngakhale utajambula bwino chotani, amathokoza mwaulemu koma amadziwa kuti ndi galu wina.

Nachisale: Ndamufunsa monga mwanenera agogo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati amamuona atakhala pakhomo madzulo akumudikira, khutu lakumanzere litapindika, lakumanja lili chilili. Akuti khutulo linapindika ali kamwana ndipo silinadzukenso. Imvi akuti zikhalepo koma zochepa, za nthawi yomwe ankathamangabe. Pa zithunzi zanga ziwiri zoyamba zija ndinaimika makutu onse, chifukwa ndinkaganiza kuti pachithunzipo linangopindika ndi mphepo.

Bambo a Tadala: Ndiye mwapeza chithunzi chanu. Popeza wanena madzulo, kuwala kuchokere m'mbali, chapansi, ndipo kukhale kofunda. Mbali yomwe dzuwa likugunda muike burnt sienna (wabulauni wofiirira) pang'ono m'zigamba zowala, mbali inayo ikhale ya buluu uja. Koma samalani: musasakanize kuwala kwa zithunzi ziwiri. Sankhani chimodzi chomwe kuwala kwake mukutsata, zinazo zingokuuzani za khutu ndi imvi. Claude Monet wa ku France anajambula milu ya tirigu yomweyo maulendo oposa 20 mu 1890 ndi 1891 chifukwa kuwala kukasintha, mitundu yonse imasintha nayo. Mutu wa masana pa thupi la madzulo sizigwirizana.

Nachisale: Nanga kumbuyo kwake ndiike chiyani? Ndimaganiza zojambula khomo lonse ndi maluwa.

Gogo Nangozo: Chepetsa. Chinsalu chako n'chaching'ono, khomo ndi maluwa zilanda maso. Paka mtundu wapakatikati, wosalala, wotuwa mofundirako. Mbali yomwe galu ali wakuda kwambiri, kumbuyo kuwalireko; mbali yomwe ubweya ukuwala, kumbuyo kuderepo. M'malo amodzi kapena awiri, monga kunsi kwa chifuwa, lola thupi lisungunukire m'mthunzi popanda mzere. Ndi zomwe timachita ndi mapiri akutali: chakutali chimafewa, chimatuwa, chimapita kubuluu, chapafupi ndiye chimakhala chakuthwa. Pa galu wako chapafupi ndi mphuno ndi maso.

Mphatso: Mphuno musaiwale kuti ili ndi denga. Pamwamba pake ndi pathyathyathya ndipo pamalandira kuwala, kutsogolo n'kwakuda, mabowo ndiye akuda kuposa ponse. Kowala kake mukadonthezere ndi nsonga ya burashi, osakoka mzere, chifukwa khungu la mphuno ndi la timatuza.

Nachisale: Anzanga, chatha. Ndachiika apa. Chinanditengera madzulo asanu. Utoto wakuda wa m'chubu ndinaugwiritsa ntchito m'malo atatu okha: pakati pa diso lililonse, m'mabowo a mphuno ndi kunsi kwa khutu lopindikalo. Mkulu wanga anabwera dzulo. Sanalankhule, anangotambasula dzanja n'kukhudza khutu lija ndi chala, monga ankachitira akalowa pakhomo. Tinalira tonse awiri. Sanachitenge chifukwa ndikufuna ndipake vanishi. Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Mphatso: Asisi, diso lakumanjalo likundiyang'ana ndithu. Pa acrylic wopyapyala chonchi dikirani sabata imodzi kuti aumiretu.

Bambo a Tadala: Akanakhala wa mafuta ndikanati miyezi isanu ndi umodzi. Posankha vanishi, pewani wa matte, wosanyezimira uja, pa chithunzi chakuda chonchi, amachititsa malo akuda kuoneka ngati achita fumbi. Wa gloss amazamitsa mdima koma amanyezimira pakhoma loyang'anana ndi zenera. Ine ndikanatenga wa satin, wapakatikati. Yesani kaye pa nsapato munajambula ija, muone mmene akusinthira mitundu. Pakani mopyapyala kawiri ndi burashi yofewa yotambalala, chinsalu chili chogoneka, m'chipinda chopanda fumbi.

Yamikani: Mutu wakhala m'malo mwake tsopano. Mwendo wakutsogolo wakumanja ukuoneka waufupi pang'ono, koma musaukhudze, mwini wake wamuzindikira kale. Pa chotsatira tidzayeze ndi pensulo.

Thoko: Ndalimba mtima, ndikufuna ndiyese mphaka wanga uja. Koma iye anali woyera yense. Ndiyambire pati?

Gogo Nangozo: Tenga dzira, uliike pa nsalu yoyera pafupi ndi zenera. Woyera wa m'chubu usamukhudze mpaka pomaliza. Ukajambula utiwonetse, tiwerenge limodzi mitundu yomwe ili m'mthunzi wake.